Patatha miyezi ndikufufuza makolo a banja la Stewart pa People of Medieval Scotland

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito webusaiti ya People of Medieval Scotland, imene ambiri amangoitchula kuti PoMS, ndinalemba mwachidule kuti ndi yaulere, sifuna kulembetsa dzina, ndiponso kuti ndi pabwino poyambira kwa munthu wofuna kudziwa kumene mabanja akuluakulu a ku Scotland anachokera. Zonsezo zikadali choncho. Koma papita miyezi yambiri tsopano ndikuitsegula madzulo ndikaweruka, ndipo chimene ndaona nchakuti webusaiti imeneyi sikupatsa mzera wobadwira wophikaphika kuti ungodya. Imakupatsa umboni, chikalata ndi chikalata, ndipo mzerawo umalumikiza wekha. Kumene umboni wathera, nayo imathera pomwepo. Ine ndafika poikonda chifukwa cha khalidwe limenelo.

Kwa amene sanaionepo: anaikonza ndi akatswiri a mbiri yakale a ku yunivesite ya Glasgow pamodzi ndi anzawo a ku King's College London ndi ena. Anatenga zikalata zoposa 8,000 zokhudza Scotland, kuyambira 1093, chaka chimene anamwalira mfumu Malcolm III, kufikira 1314, kenako anaonjezera zikalata za mafumu mpaka 1371. Munthu aliyense wotchulidwa m'zikalatazo, kaya mfumu, bishopu kapena mboni wamba, ali ndi tsamba lake. Patsambapo pali udindo wake, abale ake, malo amene anali nawo, ndi zikalata zonse zimene dzina lake likupezekamo. Zikalata zenizenizo zinalembedwa pa zikopa, zambiri m'Chilatini, koma pano amakuuza m'Chingerezi mfundo za chikalata chilichonse ndi buku limene chinasindikizidwamo.

Ndinasankha banja la Stewart chifukwa dzinalo tinakumana nalo kusukulu. James Stewart wa ku mishoni ya Lovedale ku South Africa ndiye anabweretsa ganizo lotsegula mishoni ya Livingstonia, imene inayambira ku Cape Maclear mu 1875, ndipo msuweni wake, nayenso James Stewart, injiniya, anamwalira mu 1883 akulambula msewu wa Stevenson kumpoto. Ndinkafuna kudziwa kumene dzina limeneli, lomwenso linali la mafumu a ku Scotland, linayambira. Sindikunena kuti awiriwa anali a magazi achifumu. Ku Scotland anthu ambiri anatenga dzinali chifukwa chokhala pamalo a mwini dzina kapena kugwira ntchito ya ukapitawo, ndiye dzina lokha si umboni.

Munthu woyamba wa banjali ku Scotland ndi Walter mwana wa Alan. Anafika cha m'ma 1136 kudzatumikira mfumu David I, amene analamulira kuyambira 1124 mpaka 1153, ndipo anamuika kukhala kapitawo wa nyumba yachifumu. Mdzukulu wa David, Malcolm IV, analemba chikalata chotsimikiza kuti udindowo uzikhala wa Walter ndi ana ake, pamodzi ndi malo a ku Renfrew, Paisley, Pollok, Cathcart ndi ena. Udindo wa ukapitawo uja, umene m'Chingerezi mwini wake amatchedwa steward, ndiwo unadzasanduka dzina la banja loti Stewart patapita mibadwo, choncho m'zikalata zoyambirira munthuyu amangotchedwa Walter mwana wa Alan, kapitawo wa mfumu. Anamwalira mu 1177, naikidwa ku Paisley.

Pamawebusaiti ena olipira, amene anthu amaikapo mizera ya makolo awo, ndapezapo kambirimbiri kuti Walter anali mdzukulu wa Banquo, uja wa m'sewero la Macbeth, kudzera mwa mwana wake Fleance, ndipo ena amapitiriza mzerawo mpaka kwa mafumu akalekale a ku Ireland. Webusaiti ina yotero ndinailipira kwa kanthawi, ndipo tsiku ndi tsiku inkandiuza kuti yandipezera "kholo latsopano", pomwe umboni wake unali mzera wa munthu wina amene anakopera kwa winanso. Ndinaileka. Nkhani ya Banquo inatchuka ndi wolemba mbiri Hector Boece mu 1527, patatha zaka pafupifupi 350 Walter atamwalira, panthawi imene a Stewart anali kale pampando wachifumu ndipo zinali zowakomera kuoneka ngati eni nthaka. Shakespeare anadzaitenga nkuiika m'sewero, ndipo inakhazikika m'mitu ya anthu. Pa PoMS, pakati pa abale a Walter, Banquo mulibemo, chifukwa palibe chikalata cha nthawi imeneyo chomutchula ngati kholo lake. Chimene ofufuza anapeza, makamaka J. Horace Round mu 1901, nchakuti bambo a Walter, Alan mwana wa Flaad, anali wa ku Dol m'chigawo cha Brittany ku France, ndipo analandira malo ku England m'nthawi ya mfumu Henry I, kuphatikizapo Oswestry ku Shropshire. Mkulu wake wa Walter, William, anatsala ku England ndipo ndiye kholo la a FitzAlan amene anadzakhala eni Arundel. Umboni wa ku Brittany umenewu suli pa PoMS, popeza iyo inangotenga zikalata zokhudza Scotland. Ukafuna kubwerera m'mbuyo kupyola Alan, uyenera kutuluka nkupita ku mabuku.

Koma fungo la Shropshire limamvekabe m'zikalata za ku Scotland, ndipo apa ndi pamene ndakhalitsa kwambiri. Cha m'ma 1163 Walter anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Paisley, ndipo amonkewo anawatenga ku Much Wenlock, m'chigawo chomwecho cha Shropshire. Munthu wobadwira ku Scotland, wa makolo a komweko, akanalowera chiyani kutali konseko kukafuna amonke? Ndiye pali mayina a mboni. Chikalata chilichonse chopereka malo chimatha ndi mndandanda wa anthu amene analipo, ndipo pa PoMS dzina lililonse ukhoza kulidina nkuona kwina kumene munthuyo anakhalakonso mboni. Ukatsata zikalata za Walter ndi za mwana wake Alan, mayina ena amangobwerabwera: Robert wa ku Montgomery, dzina la malo a kumalire a Wales, amene banja lake linakhazikika ku Eaglesham, Robert Croc, amene dzina lake linatsalira pamalo otchedwa Crookston, Richard Wallace, wa ku Riccarton ku Ayrshire. Amenewa anali anthu a Walter, omwe anawagawira malo kuti azimutumikira. M'chikalata chokhazikitsa Paisley mulinso mboni yotchedwa Simon m'bale wake wa Walter. Poyamba mindandanda imeneyi ndinkaidumpha pothamangira kuona amene anabereka mnzake. Tsopano ndimayambira pomwepo, chifukwa ndi imene imakuonetsa amene ankadyera mbale imodzi ndi banjalo, amene anakwatirana nalo, ndi chaka chimene munthu wasiya kuoneka, kusonyeza kuti mwina wamwalira.

Mboni zomwezo ndizo zimathandiza kudziwa zaka. Zikalata zambiri za m'ma 1100 zilibe chaka. Chimangonena kuti chinalembedwa pamalo akuti, pamaso pa akutiakuti. Nchifukwa chake pa PoMS umaona zaka ziwiri ndi kamtanda pakati. Mwachitsanzo, ngati chikalata ndi cha mfumu William, amene analowa ufumu mu 1165, ndipo Walter woyamba ali pakati pa mboni, ndiye kuti chinalembedwa pakati pa 1165 ndi 1177. Mukakhala bishopu amene chaka chake chodzozedwa chikudziwika, mpata uja umachepa. Masabata oyamba zimenezi zinkanditopetsa, poti mtima umafuna chaka chimodzi choti ulembe nkupita patsogolo. Pano ndikaona mzera wa makolo pa intaneti wonena kuti munthu wa m'ma 1100 anabadwa pa tsiku lakuti mwezi wakuti, ndimayamba ndafunsa kuti tsikulo analitola kuti. Nthawi imeneyo kunalibe kaundula wa obadwa.

Vuto lina limene PoMS imathetsa bwino ndi la mayina obwerezabwereza. Walter woyamba anabereka Alan, amene anamwalira mu 1204. Alan anabereka Walter wina, amenenso m'zikalata ndi "Walter mwana wa Alan", ndipo anamwalira mu 1241. Agogo ndi mdzukulu dzina limodzi, la bambo limodzi, udindo umodzi. Mizera yambiri imene ndaiona imawaphatikiza kukhala munthu mmodzi wokhala ndi moyo zaka zoposa 100. PoMS imawapatsa manambala ndi chaka chomwalira pambali pa dzina, ndipo aliyense ali ndi tsamba lakelake. Kuchokera apo mzera ndi woongoka: Alexander, amene anatsogolera asilikali polimbana ndi a ku Norway ku Largs mu 1263, James, amene anagonjera mfumu Edward I wa ku England mu 1296 monga anachitira akuluakulu anzake, nadzamwalira mu 1309, kenako Walter winanso, amene anali ku nkhondo ya Bannockburn mu 1314 ndipo dzina lake lili m'kalata ya ku Arbroath yopita kwa Papa mu 1320. Mng'ono wake wa James, John wa ku Bonkyll, anafera ku nkhondo ya Falkirk mu 1298, ndipo kwa iyeyo ndi kumene kunachokera a Stewart a ku Darnley ndi Lennox, makolo a bambo ake a mfumu James VI.

Chimene chinandikhudza mtima ndi mmene ufumu unalowera m'banjali. Sunabwere kudzera mwa mwamuna. Walter uja wa ku Bannockburn anakwatira Marjorie, mwana wamkazi wa mfumu Robert Bruce, mu 1315, ndipo mwana wawo Robert anabadwa mu 1316. Mfumu David II, mlongo wake wa Marjorie wa mayi wina, anamwalira mu 1371 wopanda mwana, ndipo Robert analowa ufumu wa amalume ake, nakhala Robert II. Kwa ife amene tinazolowera kuti unyakwawa umatsata mwana wa mlongo, izi sizachilendo konse, ngakhale kuti kwa iwo zinachitika chifukwa chosowa mwana wamwamuna wa a Bruce. Chodabwitsa nchakuti mphwake wa mfumuyo anali wamkulu kwa amalume ake ndi zaka 8, popeza David anabadwa mu 1324.

Pa nkhani ya amayi, zikalata nzouma. Mayi amaoneka akakhala ndi malo akeake kapena akamapereka mphatso ku tchalitchi. Mkazi wa Walter woyamba, Eschina, timamudziwa bwino chifukwa anali mwini malo a Mow ku Roxburghshire ndipo anapatsako amonke. Akazi ena a m'banjali amangotchulidwa kamodzi kapena osatchulidwa nkomwe, ndipo pamene mabuku akale anangoganizira dzina, PoMS imasiya mpata. Zimapweteka kuona theka la banja lili zii, koma mlandu si wa webusaiti. Ndi mmene ankalembera anthu a nthawiyo, komanso zambiri zinatayika. Edward I anatenga zikalata za boma la Scotland kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo zambiri sizinabwerere. Asilikali a ku England a Oliver Cromwell anatenganso zina mu 1651 kupita nazo ku London, ndipo pozibweza, chombo chimodzi chimene chinanyamula migolo 85 ya zikalata chinamira panyanja. Nchifukwa chake zambiri zimene tikudziwa za a Stewart oyambirira zikuchokera m'mabuku a amonke a ku Paisley, Melrose ndi Kelso, amene ankakopera zikalata za malo awo kuti asadzalandidwe.

Za kagwiritsidwe ntchito ndinene mwachidule. Masamba ake ambiri ndi mawu okhaokha, choncho sadya bandulo ngati mavidiyo. Pa foni zimatheka, koma pa laputopu mpamene ukhoza kutsegula zikalata zingapo nthawi imodzi nkumayerekeza mboni, ndipo ntchito yeniyeni ndi imeneyo. Pamafunika Chingerezi, ndiponso kuzolowera mawu angapo a malamulo a malo ndi a tchalitchi. Ine ndimakhala ndi kope pambali, munthu aliyense tsamba lake, ndipo sindilemba kuti wakuti anabereka wakuti pokhapokha nditalemba pambali chikalata chonena zimenezo.

Amene akufuna kulumikiza agogo ake a dzina la Stewart ndi Walter wa 1177 adziwiretu kuti pali chigwa chachikulu pakati. PoMS imalekezera 1371, chaka chomwecho chimene Robert II analowa ufumu, ndipo kuyambira 1314 imangokhala ndi zikalata za mafumu. Mbali inayo, webusaiti ya boma ya ScotlandsPeople ili ndi kaundula wa obadwa, okwatirana ndi omwalira kuyambira 1855, ndi mabuku a matchalitchi amene lakale kwambiri ndi la 1553, koma m'madera ambiri anayamba mochedwa kuposa apo. Mabanja ochepa okha, amene anali ndi malo ndi zikalata zake, ndiwo amaoloka chigwa chimenecho ndi umboni. Ena akuyesa njira ya DNA, ndipo ofufuza anapeza chizindikiro chotchedwa S781 chimene chimapezeka mwa amuna a mzera wa John wa ku Bonkyll. Chimenecho chimakuuza nthambi yako, koma sichikutchulira mayina a anthu a pakati.

Ndiye kwa wophunzira mbiri, mphunzitsi, kapena aliyense wofuna kudziwa mmene banja la alendo ochokera ku Brittany linafikira pampando wachifumu m'mibadwo 7, ndikuti aitsegule, ayambe ndi tsamba la Walter woyamba, ndipo asadumphe mboni. Wofuna mzera wathunthu woti asindikize nkupachika pakhoma aona ngati yamumana. Ineyo ndikupitiriza nayo, ndipo panopa ndili pa nthambi ya Walter Bailloch, mwana wa Walter wachiwiri, amene anapeza ulamuliro wa Menteith kudzera mwa mkazi wake Mary.