Phula la Imperial pa makoko a .33 Winchester, ine ndakhutira nalo

Amene muli ndi mfuti ya Winchester Model 1886 ya .33 vuto lake mukulidziwa kale, zipolopolo zake anasiya kupanga kalekale ndipo makoko ake (zikopa za mkuwa za zipolopolo, zimene timadzazamo onga tokha) sapezeka wamba. .33 imeneyi inatuluka mu 1902, kenako .348 ya mu Model 71 itabwera mu 1936 basi inayamba kuiwalika. Ndiye ife timangotenga makoko a zipolopolo zokulirapo za .45-70 nkuwafinya mpaka khosi lichepe kuchoka pa mainchesi .458 kufika pa .338, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imaonetsa ngati mafuta opaka ali enieni kapena ayi.

Poyamba ndinkagwiritsa ntchito mafuta opopera aja, pa ntchito wamba alibe vuto koma tsiku lina khoko linakanirira mu die (chitsulo chofinyiramo khoko), ndikukoka pulesi (makina okankhira khoko mu die) rimu (mkombero wa kunsi kwa khoko) nkuthothoka, madzulo onse anathera pochotsa khoko limodzi. Mpamene ndinagula phula la Imperial Sizing Die Wax la kampani ya Redding, kachitini kakang'ono zedi moti ukakaona umaganiza kuti sikafika patali koma mpaka lero kanga sikanafike ndi theka lomwe. Umangogunda ndi chala, nkupukusa khoko pakati pa zala, likangonyezimira pang'ono zakwana. Pulesi imatsika mofewa ndipo dzanja limamva bwinobwino mkuwa ukuyenda, zimenezi ndimazikonda kwambiri chifukwa pakavuta umadziwa msanga nkusiya khoko lisanakwinyike.

Chonde musachulutse. Mukapaka lambiri paphewa, phulalo limasowa kothawira ndiye limasiya timaenje pamkuwa, makoko anga angapo oyamba anatero. Paphewa pazikhala pouma, pakani pathupi ndi pang'ono pokha pakhosi.

Komanso phula lokha silingakupulumutseni mukafuna kudumpha masitepe. Ine ndimadutsa kaye mu die ya .40-65, kenako .38-56, pomaliza ya .33 yeniyeniyo, pang'onopang'ono, kutsitsa kukweza kutembenuza khoko nkutsitsanso. Mkuwa wa makoko ndi kopa 70 pa 100, zinki 30, ndipo ukamaufinya umauma, nchifukwa chake ndikamaliza ndimafewetsa khosi ndi phewa pamoto kuti asadzang'ambike. Khosi ndi phewa basi, kumunsi kwa khoko moto usafikeko ngakhale pang'ono, kukafewa kumeneko khokolo ndi loopsa, tayani. Mukatero yezani kutalika mudule pa mainchesi 2.105 poti amatalika akafinyidwa, muonenso makulidwe a khosi chifukwa mkuwa umaunjikana pamenepo.

Chimene sindikondwera nacho nchakuti zimachedwa, khoko lililonse ulipake ndi dzanja kenako ulipukutenso ndi kansalu, kwa munthu wa makoko mazanamazana a mfuti zamakono atopa nazo. Koma ine makoko 50 a .33 amandikwanira nthawi yaitali, ndipo chiyambireni ndi phulali palibe lina lomwe lakanirira mu die.