Kuwerengera mawu kapena kufunsa odwala: nkhani ya zaumoyo tiiyeze bwanji?

Nkhani ya pa intaneti yofotokoza za matenda a shuga ikhoza kukhala yoona yonse, koma wodwala n'kuiwerenga osatolapo kanthu. Pali njira ziwiri zoyezera ngati ikumveka.

Yoyamba ndi ya masamu. Njira ya SMOG, yomwe G. Harry McLaughlin anaiyambitsa mu 1969, imatenga ziganizo 30 n'kuwerenga mawu okhala ndi maphatikizo atatu kapena kuposerapo. Zotsatira zake zimasonyeza kalasi imene munthu ayenera kufika kuti aimve nkhaniyo. Ndi yachangu, kompyuta imamaliza m'kanthawi kochepa. Koma inapangidwira Chingelezi, ndipo tanthauzo siiliona. Chiganizo chachifupi cha Chingelezi chotanthauza kuti "imwani musanadye" imachiyesa chophweka, pamene wodwala akudzifunsa kuti, kodi mphindi zingati ndisanadye?

Yachiwiri ndi kupatsa odwala enieni nkhaniyo, kenako n'kuwapempha kuti afotokoze m'mawu awoawo zomwe akachite kunyumba. Apa m'pamene zobisika zimaonekera. Wina amatsata tebulo la mlingo wa mankhwala, chala chake n'kukaima pa mzere wolakwika. Wina amamva "kawiri pa tsiku" ngati mapiritsi awiri nthawi imodzi, ndipo amayankha molimba mtima, osakayika n'komwe. Palibe masamu amene angagwire zimenezi. Inde, njirayi imadya nthawi ndi ndalama, komanso anthu ochepa sangaimire onse.

Kwa ine, SMOG ithandize kusefa mawu olemera poyamba, koma nkhani yonena za mlingo wa mankhwala isamatuluke odwala asanaiyese.