PurpleAir: kachipangizo kodalirika pa utsi, koma kakhungu pa mpweya wa sulfure

Anthu akamakana chilolezo cha siteshoni yatsopano ya magetsi a malasha, funso lomwe amaponyeredwa ndi lakuti umboni wanu uli kuti. Ndiye ambiri amagula PurpleAir, kachipangizo ka ku America kokwana m'dzanja, ka madola opitirira 200 musanawerengere zotumizira ndi msonkho. Ndalamayo sipita pachabe, bola mudziwiretu zomwe kamaona ndi zomwe sikaona.

M'kati mwake muli timakina tiwiri toyezera ta kampani ya Plantower, kena kotchedwa A kena B. Kafani kamakoka mpweya n'kuudutsitsa pa kuwala kwa leza, ndipo kuchuluka kwa tinthu touluka kumawerengedwa potengera mmene kuwalako kwamwazikira. Mphindi ziwiri zilizonse zotsatira zimakwera pa mapu a pa intaneti. Nambala yofunika ndi ya PM2.5, tinthu tosapitirira mamaikulomita 2.5 m'lifupi, tomwe timadutsa mphuno n'kukakhala pansi penipeni pa mapapo. Timeneti timakolezera mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Malire a WHO a 2021 ndi 15 µg/m³ (mamaikulogalamu mu kiyubiki mita ya mpweya) pa avareji ya tsiku ndi 5 pa avareji ya chaka. Lamulo la South Africa pakali pano limalola 40 pa tsiku ndi 20 pa chaka.

Pa utsi, kachipangizoka kamagwira ntchito bwino zedi. Kamaonetsa ola lomwe utsi wayamba kukwera, kutalika kwa nthawi yomwe wakhala, ndi kusiyana kwa mudzi uwu ndi uwo. M'miyezi yozizira mudzaona nambala ikukwera usiku ndi m'mamawa, chifukwa mpweya wozizira umakhala pansi n'kutsekereza utsi, kenako dzuwa likakwera umabalalika.

Vuto lalikulu ndi ili: PurpleAir sikayeza mpweya wa sulfure, wotchedwa SO2, ngakhale pang'ono, pomwe umenewu ndiwo pali mkangano waukulu pa masiteshoni a malasha. Ndiwo umafinya chifuwa cha wodwala mphumu m'mphindi zochepa, ndipo malire a WHO ndi 40 µg/m³ pa tsiku. Chitoliro cha utsi chitagwa pa siteshoni ya malasha ya Kusile ku South Africa mu Okutobala 2022, Eskom, kampani ya magetsi ya dzikolo, inaloledwa kuyendetsa mayunitsi ena kwa kanthawi molambalala makina ochotsa sulfure. Munthu wokhala ndi PurpleAir yokha sakanatha kunena kuti SO2 yakwera motani pakhomo pake. Kuwonjezera apo, machumuni a masiteshoni akuluakulu oterewa kawirikawiri amapitirira mamita 200. Utsi umadutsa pamwamba pa oyandikira, ndipo SO2 imasanduka tinthu ta PM2.5 patapita maola, mphepo itaitengera kale makilomita ambirimbiri. Choncho kachipangizo komangirira pa mpanda wa siteshoni kangathe kuonetsa mpweya wabwino pamene mudzi wa kutali ukupuma zoipa. Kampani yochenjera idzatenga nambala yanuyo n'kukumenyani nayo.

Fumbi nalonso sikaliona bwino. Timakina ta Plantower timaphonya tinthu tikuluko, motero fumbi la malasha logwa m'malole, la pa mulu wa phulusa kapena la msewu wadothi limawerengedwa mochepa kwambiri. Nambala ya PM10 (tinthu tofikira mamaikulomita 10) imene imaoneka pa mapu musaidalire. Kwa okhala pafupi ndi migodi ngati ya Moatize ku Tete, komwe dandaulo lalikulu ndi fumbi, chipangizo ichi sichokwanira.

Pa utsi kamalakwitsa mbali inayo: kamakokomeza, makamaka kukakhala chinyezi, popeza tinthuto timamwa madzi n'kufufuma. Akatswiri a US EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe, anapeza kuti manambala osakonza amakwera ndi pafupifupi 40 peresenti, ndipo anakonza masamu awa: chulukitsani nambala yosakonza ndi 0.524, chotsanipo peresenti ya chinyezi yochulukitsidwa ndi 0.0862, muwonjezere 5.75. Simufunika kuwerengera pamanja. Pa mapu pali posankha kakonzedwe ka US EPA. Kumbukirani kuti masamuwo anakonzedwa ndi mpweya wa ku America. Amene ali m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa achita bwino kuyika kachipangizoka pafupi ndi siteshoni ya boma yoyezera mpweya, monga ya eMalahleni kapena Middelburg, kwa milungu ingapo, n'kufananiza ndi manambala a pa SAAQIS, tsamba la boma la pa intaneti la za mpweya.

Kuyika kwake n'kosavuta, koma apa ndi pomwe ambiri amaonongera umboni wawo. Kamangirireni mamita 2 mpaka 3 kuchokera pansi, pansi pa denga la khonde, kukamwa kwake kutaloza pansi, pamalo poti mphepo izidutsa. Katalikire khitchini, mbaula, jenereta ndi dzala lotenthera zinyalala. Kamafuna WiFi ya 2.4 GHz basi, ya 5 GHz sikaiona. Magetsi kamadya ochepa, pafupifupi wati imodzi kudzera pa USB, kotero batire ya foni ya 10,000 mAh ingakayendetse pafupifupi tsiku lathunthu. Sankhani batire yotha kutulutsa moto ili pa chaji, apo ayi magetsi akangobwera kachipangizo kamazima. Ndipo gulani mtundu wokhala ndi khadi la SD, kuti netiweki ikadula manambala asatayike.

Sabata iliyonse yang'anani ngati A ndi B zikuyendera limodzi. Zikasiyana ndi kupitirira 5 µg/m³ komanso kuposa theka la avareji yake, china chalakwika, ndipo kawirikawiri ndi kangaude kapena nyerere zalowa, kapena kafani kafooka. Chotsani fumbi ndi makina opopera mpweya, osathira madzi, ndipo masiku amenewo muwachotse pa chiwerengero chanu. Ubwino wa mtundu wa Flex ndi woti timakinato timasinthika popanda kugula chonse. Nambala ya kutentha imakwerako chifukwa cha kutentha kwa m'kati mwa chipangizocho, isiyeni.

Chinthu china chimene sikanganene ndi mwini utsi. Kwa PurpleAir, utsi wa chumuni, wa makala, wa uvuni ya njerwa ndi wa tchire lotenthedwa posaka mbewa ndi umodzi. N'chifukwa chake phindu lake lenileni lili pa kuyamba msanga. Ku Kam'mwamba m'boma la Neno, komwe siteshoni ya malasha ya 300 MW yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri, nthawi yoyeza ndi ino, chumuni chisanaime. Pakufunika chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndi zipangizo zosachepera zitatu: kumene mphepo imachokera kawirikawiri, kumene imalowera, ndi pakati pa mudzi, monga pa sukulu kapena pa chipatala. Lembaninso mbali yomwe mphepo ikuwombera tsiku ndi tsiku. Popanda manambala a poyamba, kampani idzangoti utsiwo ndi wa mbaula zanu, ndipo mudzasowa poyankhira.

Musayembekezere kuti khoti kapena MEPA, bungwe loteteza chilengedwe ku Malawi, adzalandira manambalawa ngati a makina ovomerezeka ndi boma. Ntchito yawo ndi kuonetsa kuti vuto lilipo ndi kukakamiza kuti kuyezedwe mwalamulo. Milandu yomwe anthu anapambana ku khoti la ku Pretoria, ku South Africa, wa mu Malichi 2022 wa mpweya wa m'dera la Highveld womwe anasuma mabungwe a zachilengedwe a groundWork ndi Vukani, ndi wa mu Disembala 2024 womwe unathetsa ganizo la boma logula 1,500 MW za magetsi atsopano a malasha, inaima pa malamulo a dziko, malipoti a akatswiri ndi umboni wa anthu okhudzidwa.

Ngati bajeti ndi yochepa, gulani PurpleAir zocheperako, yotsalayo mugulire timachubu toyezera SO2 tosafuna magetsi. Timapachikidwa panja milungu 2 mpaka 4 n'kutumizidwa ku labotale, ndipo kamodzi kosatsegula kaziyenda ndi tinzake kuti mudziwe ngati tinaonongeka panjira.