Borrow ndi lend: akutenga ndani, akupereka ndani?

Pa Chichewa timangoti "tandibwereka cholembera" ndipo mnzathu amamva bwinobwino. Mneni woti kubwereka timamugwiritsa ntchito mbali zonse, kwa wopempha ndi kwa wopereka yemwe. Chingerezi chinagawa ntchitoyi pawiri, ndipo ambiri timapunthwa pamenepa.

Borrow ndi wa amene akulandira. Mwatenga chinthu cha mwini, mudzabweza. Amayenda ndi from: "I borrowed a hoe from my neighbour." Lend ndi wa mwini chinthucho, amene akuchipereka kwa kanthawi: "My neighbour lent me a hoe." Khasu ndi lomwelo, anthu ndi omwewo, chasintha ndi amene wayambira chiganizo. Onaninso kuti zikapita kale borrow amakhala borrowed, koma lend amasanduka lent. Lended mulibe m'Chingerezi cholemba.

Nanga "borrow me your pen" yomwe imamveka m'makalasi athu tsiku lililonse? Ameneyo ndi "ndibwereke" atavala Chingerezi. Sitili tokha, ku South Africa nakonso amalankhula chomwecho, ndipo pocheza palibe amene angakumaneni cholembera chifukwa cha galamala. Koma wochonga mayeso a MSCE adzakudulirani malikisi. Mukamapempha sankhani pakati pa "lend me your pen" ndi "may I borrow your pen". Ine ndimakonda yachiwiriyi polankhula ndi akuluakulu, chifukwa ikupempha chilolezo pomwe yoyambayo, popanda please, imamveka ngati kulamula.

Pomwe nkhaniyi imandidetsa nkhawa ndi pa ndalama. Munthu walemba pa WhatsApp kapena pa kapepala ka mgwirizano kuti "I borrowed him K50,000", akutanthauza kuti anamukongoza. Wowerenga wina aona borrowed n'kuganiza kuti wolembayo ndiye ali ndi ngongole. Mkangano ukabuka, kapepalako kadzateteza ndani? Apa Chichewa chathu chomwe chimathandiza, poti pa ndalama timasiyanitsa bwino: kukongola ndi borrow, kukongoza ndi lend. Wa katapila ndi lender, amene wakatenga ndalama ku banki mkhonde ndi borrower, ndipo ngongole imene yaperekedwayo ndi loan.

Komanso ngati mukulipira kuti mugwiritse ntchito chinthu, monga nyumba kapena galimoto ya pa ukwati, musanene borrow. Pamenepo mawu ake ndi rent kapena hire.