Kiti ya madola 12 imene inatidyera Loweruka lathunthu

Tadala, mwana wa mlongo wanga, ali fomu 3 kuno ku Mufakose, ndipo kuyambira chaka chatha wakhala akundikakamira ngati nkhupakupa kuti ndimuphunzitse kuwotcherera mawaya. Anaona pa YouTube anthu akuliza makina odzaza mawaya amitundumitundu, aja amati synthesizer, mtima nkupita. Nditayang'ana mitengo yake ndinamuuza kuti, "Iwe, ndalama imeneyi kwathu ku Ntcheu munthu amagula ng'ombe." Koma malume sathawa udindo. Mwezi wathawu ndikusakasaka batire ya foni m'timasitolo ta m'tauni, cha ku Chinhoyi Street, ndinaona kapepala kapulasitiki kakulendewera pakati pa machaja, kolembedwa kuti Atari Punk Console. Mtengo madola 12. Ndinapereka 15, ndipo mwini sitolo, poti chenji ndi nkhani yovuta mu Harare muno, anandibwezera madola awiri, dola yotsalayo nkundipatsa kamtolo ka maresistor. Ndinang'ung'udza njira yonse mu kombi.

M'kapepalamo munali kabolodi kakang'ono kosakwana chikhatho, IC imodzi ya 556 (kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kamene kamayendetsa zonse) ndi soketi yake, zopotokola ziwiri za 500k zimene amisiri amangoti pot, resistor imodzi yochepetsa moto, makapasita atatu osunga moto kwa kanthawi, kasipika ka 8 ohm, kachingwe kolumikizira batire ya 9V, mtovu wowotcherera wopiringiza pang'ono, ndi pepala limodzi la malangizo. Switchi mulibe, bokosi mulibe. Dzina la sitolo kapena la amene anapakira sinditchula, chifukwa makiti otere amabwera opanda dzina lenileni, ndipo zimene ndidandaule apa mungazipeze kwina kulikonse.

Dzinalo lisakupusitseni, kampani ya Atari ilibe nacho chochita chinthuchi. Anangochitcha choncho chifukwa kulira kwake kumafanana ndi magemu akale a pa TV. Kalumikizidwe kake anakafalitsa ndi Forrest Mims m'kabuku ka Radio Shack mu 1980. Mtima wake ndi IC ya 555, imene anaikonza Hans Camenzind ku kampani ya Signetics ndipo inalowa pamsika mu 1972, ine ndisanabadwe nkomwe. Ya 556 ndi ma 555 awiri okhala m'nyumba imodzi ya miyendo 14.

Chimene chimandisangalatsa ndi mmene awiriwo amagwirira ntchito. Woyamba amangogogoda osaleka, mofulumira kapena mochedwa malinga ndi mmene mwapotokolera pot yoyamba. Wachiwiri ndi waulesi: akagogodedwa amadzuka, nkukhala chidzukire kwa kanthawi kamene pot yachiwiri yamupatsa, ndipo pa nthawi imeneyo ngakhale mnzake agogode chotani iye samva. Ndiye nthawi zina amayankha kugogoda kulikonse, nthawi zina kwachiwiri kulikonse, kenako kwachitatu, kwachinayi. Nchifukwa chake mukamapotokola pang'onopang'ono mawu satsetsereka ngati sairini ayi, amadumphadumpha ngati munthu wotsika masitepe. Tadala ndinamufotokozera ndi chitsanzo cha agogo ake: ukawaitana akupemphera sayankha mpaka atati ameni.

Tinayamba Loweruka m'mawa, magetsi atathima kale. Ndili ndi kachowotcherera ka 12V kamene ndimalumikiza ku batire ya sola, ndiye ndinati palibe vuto. Apa mpamene panagona cholakwa changa choyamba. Mtovu umene uli m'kitimu ndi uja wamakono wopanda lead, umene umafuna moto wopitirira madigiri 217 kuti usungunuke, pomwe wakale uja wa 60/40 umagonja usanafike pa 190. Kachowotcherera kanga kanali kofooka, mtovu unkangoundana timibulu pamwamba pa mwendo osayenderera. Tadala, poti kanali koyamba, ankaganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Ine ndinali kalikiliki kumuuza kuti asagwire kumoto, osayang'anitsitsa ntchito yake.

Titamaliza tinalowetsa IC m'soketi, kamphako kake kuyang'ana kumene bolodi yalozera, nkulumikiza batire. Zii. Ngakhale kakuthethetsa.

"Amalume, kodi taotcha?"

Ndinatenga mita yoyezera magetsi. Pakati pa mwendo wa 14 ndi wa 7 panali 9V bwinobwino, kutanthauza kuti moto ukufika. Pa mwendo wa 5, potulukira woyamba uja, mita inkaonetsa kuti chinachake chikuyenda. Pa mwendo wa 9, potulukira wachiwiri, panalibe kanthu. Mwendo wa 5 umayenera kulankhula ndi wa 8, polowera wachiwiriyo, ndiye ndinatembenuza bolodi nkuunika ndi tochi ya foni. Mtovu wa pa mwendo wa 8 unali wotuwa, wokhakhala, utakhala pamwamba ngati dontho la phala lozizira. Nditaukankha ndi chikhadabo unagwedera. Polumikiza pabwino pamaoneka ngati kaphiri kosalala kokwera mwendo mbali zonse. Ndinakafukula mtovu wanga wakale m'chitini, tinadikira magetsi, amene anabwera cha m'ma 9 usiku, ndipo ndi chowotcherera chachikulu Tadala anabwereza malo onse, limodzi ndi limodzi. Ulendo uno anaona yekha mtovu ukuthamangira mwendo, nkufuula m'Chishona. Mwanayu ndikamuyankhula Chichewa amayankha Chishona, koma kapasita tonse timangoti kapasita.

Tsopano kabokosiko kanalira, koma kulira kolakwika. Kankangoti tche, tche, tche ngati wotchi, ukapotokola kwambiri nkumang'ung'uza pansipansi. Pot yachiwiri inkangosintha kukula kwa mawu pang'ono, masitepe aja osamveka. Cholakwa ichi sichinali chathu. Pali makapasita awiri ofanana maonekedwe, timbale tachikasu, wina wolembedwa 103, wina 104. Nambala yomalizayo imanena kuchuluka kwa maziro, choncho 103 ndi 10 wotsatidwa ndi maziro atatu (10nF), 104 ndi 10 wotsatidwa ndi maziro anayi (100nF), kuposa mnzakeyo kakhumi. Wamng'onoyo amayenera kukhala kwa wogogoda uja kuti azithamanga, wamkuluyo kwa waulesi. Pepala la malangizo linawasinthanitsa. Munthu wongoyamba kumene, amene alibe wina womufunsa, angadziwe bwanji? Angangoti ndine wolephera, nkuponya bolodi m'dirowa. Ichi ndiye chandikwiyitsa kwambiri pa kiti imeneyi, kuposa kusowa kwa switchi. Kuzula makapasitawo kunalinso kwa mtima m'mwamba chifukwa mkuwa wa pa bolodi ndi wopyapyala, malo amodzi unayamba kumatuka. Tinaupulumutsa ndi kachidutswa ka mwendo wa resistor.

Titawabwezera m'malo mwake, eee! Udzudzu, kenako chule, kenako foni yakale, kenako chinthu chimene sindingachitchule dzina. Amayi anatulukira kuchipinda atafunda chitenje nkufunsa ngati tagwira nkhululu m'nyumba usiku uno. Tadala anagwada pansi nkuwapatsa kuti apotokole okha. Anapotokola kawiri, nkuseka, nkunena kuti, "Zimitsani, mawa kutchalitchi."

Pali chinthu china chimene ogula ayenera kudziwa. Ndikupotokola pot yachiwiri mpaka kumapeto mawu anazimiririka, ndipo nditagwira IC inali yotentha. Bolodi iyi ilibe resistor yoteteza pambali pa pot imeneyo, ndiye ikafika pa ziro moto wa batire umalunjika pa mwendo wa 13 popanda chowuchepetsa. Mukaisiya choncho IC ikhoza kupsa, batire nayo imatha msanga. Mankhwala ake ndi resistor ya 1k, ija ya mizere ya bulauni, yakuda ndi yofiira, yoikidwa pakati pa pot ndi bolodi. Ndinaipeza m'kamtolo ka chenji kaja. Ndinachita manyazi ndi kung'ung'udza kwanga kwa mu kombi.

Kasipika kake nkachabechabe, kamalira ngati chitini, koma mukalumikiza ku sipika yaikulu kudzera pa pot ina yochepetsera mawu mumamva kulemera kwenikweni kwa chinthucho. Ma pot ndi opepuka, sindikhulupirira kuti atha chaka m'manja mwa mwana. Soketi ya IC ndiyo ndayamikira, chifukwa wophunzira sayika moto pa IC penipeni, ndipo ikapsa mumangozula nkuika ina.

Tadala anali ndi maloto oti adzaimbira nako kwaya ya achinyamata ku CCAP. Ayi ndithu. Kabokosi aka sikadziwa doh kapena soh, kalibe makiyi, ndipo ukapeza mawu okoma lero mawa suwapezanso pomwepo. Amene akufuna chida choimbira nyimbo asataye ndalama apa. Koma amene akufuna kuti mwana agwire chowotcherera, awerenge nambala za pa kapasita, adziwe kufunsa mita m'malo molota, madola 12 amenewa ndi ochepa, bola pakhale munthu pafupi amene ali ndi mita ndi mtovu wabwino. Mugulirenso switchi ndi batire yachiwiri tsiku lomwelo.

Bokosi tinapanga ndi kachidebe kapulasitiki ka majarini. Tadala ankafuna chitini cha polishi chifukwa nchokongola, ndinamuletsa poti chitsulo chikhoza kugusanitsa miyendo ya pansi pa bolodi. Mabowo a ma pot tinaboola ndi msomali wotentha. Pano wayamba kale kundifunsa za IC ina yotchedwa CD40106, imene ili ndi tizigawo 6 m'kati, ndipo kalikonse kakhoza kulira pakokha ukakapatsa resistor ndi kapasita.

Lachiwiri ndinadutsiranso kusitolo kuja ndi pepala la malangizo nditazungulira 103 ndi 104 ndi bolopeni yofiira. Mwini wake analiyang'ana, nkunena kuti iye amangogulitsa, sanatsegulepo nkamodzi komwe. Pakhoma panali patatsala makiti anayi. Anandibwereka bolopeni ija, nkuyamba kumasula mapepala ake limodzi limodzi.