Kuseva fayilo pa thread ina: Task.Run, SwingWorker kapena Qt?

Anzanga olemba mapulogalamu a pa desktop mwakhala mukundifunsa kuti njira yabwino yosevera fayilo pulogalamu osauma ndi iti, ndiye ndingoyankha onse pakamodzi. Njira yake ndi kupereka ntchito yosevayo kwa thread ina, mzere wina wa ntchito womwe umayenda pambali mu pulogalamu yomweyo, ndipo ndifananiza njira zitatu: Task.Run ya chilankhulo cha C#, SwingWorker ya Java, ndi Qt, framework yolembera mapulogalamu mu C++.

Zosevera pa thread ya UI (yomwe imayendetsa windo ndi mabatani) pomwepo tisataye nazo nthawi. Fayilo ikakula kapena disiki ikamachedwa windo imauma, pa Windows pakangodutsa masekondi 5 pamwamba pamalembedwa Not Responding, munthu nkuitseka mokakamiza.

Kumbali yophweka C# palibe oiposa. async ndi await zinabwera mu 2012, ungolemba await Task.Run basi, ntchito ikatha code imabwerera yokha ku UI. SwingWorker, yomwe ilipo kuyambira Java 6, imafuna doInBackground() ndi done(), mizere ndi yochulukirapo koma zimamveka. Qt poyamba imatopetsa, QThread, moveToThread, ma signal, zonsezo uzilumikize wekha.

Koma chomwe chinandiwawa ine ndi china. Ma thread a Task.Run amachokera mu thread pool, gulu la ma thread okonzedweratu, ndipo pulogalamu ikamatseka siyiwadikira. Munthu wadina Save, windo sinaume ndiye akuona ngati zatheka, pomwepo wadina X. Tsono File.WriteAllText imayamba yafufuta kaye zomwe zinali mu fayilo kenako nkumalemba zatsopano, ndiye ikadulidwa pakati, zakale zapita, zatsopano sizinafike. Ndinaziona ndi maso anga pa kompyuta ya munthu wina, dzina la fayilo lilipo bwinobwino, pambali pake 0 KB, ntchito ya miyezi yathera pomwepo, mwini wake akungoitsegula nkuitseka poganiza kuti mwina zibwerera. Panalibe error, panalibe uthenga uliwonse, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene kumandikwiyitsa mpaka pano. A Java musaseke, EXIT_ON_CLOSE, yomwe imatseka pulogalamu munthu akadina X, imaitana System.exit, SwingWorker yanu imafera panjira chimodzimodzi.

Apa ndi pamene Qt inandigwira mtima. Kuyambira Qt 5.1 muli QSaveFile, imalemba kaye mu fayilo yongoyembekezera mu foda yomweyo, ndipo yakale siyikhudzidwa mpaka uitane commit(), pamenepo mpamene yatsopano imatenga dzina. Zikasokonekera pakati, munthu wataya zomwe wangolemba kumene koma fayilo yake yadzulo ilipo. Komanso ukawononga QThread ikugwirabe ntchito Qt siyibisa, imakuuza kuti Destroyed while thread is still running, ndiye vutolo umaligwira ukadali kuyesa, lisanafike kwa anthu.

Kwinaku nzothekanso, C# ili ndi File.Replace, Java ili ndi Files.move ndi ATOMIC_MOVE, kungoti uyenera kuzikumbukira wekha, ndipo zitsanzo zambiri zomwe anthu amakopera pa intaneti zimadumpha zimenezi.

Pomwe zonse zitatu zikufanana mpakuti munthu amapitiriza kutayipa uku thread ikuseva, ndiye kopera data usanaipereke kwa thread, apo ayi mu fayilo mulowa theka zakale theka zatsopano. Ndipo Save yachiwiri idikire yoyamba.

Ine pulojekiti yatsopano yosunga ntchito za anthu ndimatenga Qt, olo inditopetse tsiku loyamba. Ngati muli kale pa C# musasamuke, koma lembani mu fayilo yongoyembekezera, ndipo pa Closing, event yomwe imabwera munthu akadina X, ikani e.Cancel = true kuti windo isatseke kaye, dikirani task ithe, kenako mutseke windo.