Phala kapena mbatata ya kachewere kwa wochotsedwa matonsilo?

Masiku awiri oyambirira opaleshoni ya pakhosi itachitika, phala la ufa woyera ndilo labwino. Phikani supuni zitatu za ufa m'makapu awiri a madzi, likhale lamadzimadzi, ndipo lizizire mpaka chala chisamve kutentha. Phala lotentha limatha kuyambitsa magazi pachilonda. Ufa wa mgaiwa muusefe kaye, poti madeya amakanda kukhosi. Vuto la phala n'lakuti silikhalitsa m'mimba, komanso zomanga thupi n'zochepa. Pophika thiranimo mkaka kapena dzira limodzi.

Mbatata ya kachewere, imene ku Angónia ndi ku Tsangano ili mbwee, imakhutitsa kuposa phala, koma idikire tsiku lachitatu. Isendeni, iwire mpaka ifewe, muiphwanye ndi msuzi wa nkhuku wopanda tsabola kapena tomato. Ikakhala yowuma imamatirira pakhosi, wodwala n'kumakhosomola.

Madzi a malambe, ngakhale dzuwa la ku Tete liswe mtengo, adikire milungu iwiri, chifukwa kuwawasa kwake kumaluma pachilonda. M'patseni madzi ozizira pafupipafupi. Nkhanambo ya pachilondacho imachoka pakati pa tsiku lachisanu ndi lakhumi. Mukaona magazi ofiira m'kamwa, thamangirani kuchipatala.